Mwezi Watsala m'Diso la Exildah

Ndinawauza. M'mawa wa tsiku la kadamsana ndinaima pampopi wa pabwalo pathu ku Kanyama, ndowa ili m'manja, n'kunena kuti, "Wailesi yakamba, osayang'ana dzuwa. Olo na galasi yakuda, osayesa."

Azimayi anaseka. Ba Mainess a khomo loyandikana nafe anati, "Amake Exildah, imwe mumayopa na mthunzi wanu. Ni giredi naini yanu ija ikuvutani!"

Amuna awo, ba Kasoma, anali atakhala kale panjerwa, akudetsa zidutswa za windo losweka ndi utsi wa koloboyi, ana atawazinga. Magalasi enieni oonera ankagulitsidwa m'tauni. Koma chichotsedwereni amuna athu ntchito m'makampani, ndani akanasiya kapamela, kathumba ka ufa wa tsiku limodzi, n'kugula zoonera kumwamba?

Exildah wanga ali giredi folo. Sabata imeneyo aphunzitsi ake, ba Mwape, anatchinga mawindo ndi zitenje, anayatsa kandulo, n'kupatsa ana ndimu kuti aliyense aigwire patsogolo pa diso limodzi. Kandulo ndiye dzuwa, ndimu mwezi, mutu wako dziko. Mwanayo anabwera kunyumba akudumphadumpha. Anatola tomato pathebulo langa logulitsira kuti andionetse.

"Mami, onani. Mwezi ukabwela pakati, moto siupita. Ukachinga hafu, na mphamvu ni hafu. Manje chizanishoka ni chani?"

"Ba ticha banakamba kuti muyang'ane?"

"Banakamba osayang'ana. Koma sibanakambe chifukwa."

Chifukwacho nanenso sindinkachidziwa. Chithunzi cha mipira itatu yondondozana ndinachijambulapo pamayeso, ndinakhoza, koma chifukwacho panalibe. Ndinangoti, "Nakana. Wamvela?"

Dzuwa litapendeka, kuwala kunayamba kufooka ngati babu magetsi akafuna kuthima. Kunazizira. Nkhuku zinayamba kulowa. Exildah ndinamulowetsa m'nyumba n'kukankha chitseko, koma khanda langa linalira, ndinakhala pabedi kuliyamwitsa, ndipo podzutsa mutu chitseko chinali chotsegula.

Ndinamupeza kuseri kwa chimbudzi. Galasi la ba Kasoma anali ataliponya pansi, ati silionetsa bwino. Diso limodzi anali atatseka ndi dzanja monga anachitira m'kalasi, linalo lili tong'o kumwamba. Anaima choncho nthawi yaitali bwanji, sindidziwa. Kenako kunagwa mdima, malikhweru, anthu kukuwa, agalu kuuwa Kanyama yense. Ine kadamsanayo sindinamuone. Ndinali nditakanikiza nkhope ya mwana pamimba panga.

Lero ndi tsiku lachitatu. Masana ndinamuimika patsogolo pa kalendala ya kutchalitchi. Ndi diso lamanzere amawerenga manambala onse. Ndi lamanja amapendeketsa mutu, kufunafuna m'mbali.

"Pakati pali kakuda, mami. Mwezi wasala mu diso." Anaganiza pang'ono. "Koma uzachoka, ai? Ba ticha banakamba mwezi siuimilila, umayenda."

Ndinatuluka panja kukachapa thewera lomwe ndinali nditachapa kale.

Bambo ake, ba Lazarous, anafika madzulo ali mbuu ndi fumbi la miyala imene amaswa kumsewu. Anandimvera akuvula nsapato.

"Chizasila cheka," anatero. "Pa Sondo tizamupeleka kuli ba pasita. Ku chipatala muzaimilila siku yonse, bakupaseni panado, tomato iwole pa tebulo. Mawa tizadya chani? Kambani imwe bophunzila."

Ndatopa nako kuyankha. Mwina akunena zoona kuti chitha chokha, mwina adokotala akangoyang'ana n'kupukusa mutu. Koma Sondo ndi kutali, ndipo mwanayu akudya nsomba zouma mutu uli chopendekera, kufufuza minga ndi zala.

Amati mzere wa odwala maso kuchipatala chachikulu umayamba kusanache, ofika dzuwa litatuluka amabwezedwa. Ndapinda diresi lake ndi juzi, ndaika pansi pa pilo pamodzi ndi khadi lake lakale la kusikelo. Tambala woyamba akalira ndibereka khanda, ndimugwira Exildah dzanja, tiyenda wapansi mpaka m'tauni. Ba Lazarous podzuka apeza tapita.