Alamu Anga Kunsi kwa Bedi

Ine sukulu ndinaithawa isanandithamangitse, ndiye za udokotala musandifunse zambiri. Zomwe ndikudziwa ndi zimene alamu anga a Jayanti ankatilalikira m'mawa uliwonse pa kauntala ya motelo yawo kuno ku Ohio, tiyi akuwazizirira m'manja. Ankati mwana wofuna udokotala amayamba wavutika ku koleji, kenako mayeso ozunguza mutu, kenako kugogoda m'makomo a sukulu za madokotala, ndipo ambiri amabwerako chimanjamanja. Koma pali kanjira kachidule. Sukulu zina zimamutenga mwana akangomaliza sekondale n'kumusungiratu mpando wa udokotala, bola asapunthwe pakati. Mipando yake ndi yowerengeka pa zala.

Niyati, mwana wawo, yemwe mayi ake ndi mlongo wanga Kokila, analembera sukulu zoterezi zambirimbiri. Zinamukana imodziimodzi, mwaulemu wokhawokha. Mwana anaonda mpaka wotchi kumazungulira pamkono. Azakhali ake kumudzi kwathu ku Navsari analibe nazo ntchito, anali atayamba kale kumutumizira zithunzi za zotupa zawo pa foni kuti awauze mankhwala.

Inatsala sukulu imodzi, ndipo inamuitana ku intaviyu ya pa kompyuta. Lamulo lawo anatiuza yekha tikudya: m'chipinda akhalemo yekha. Akapezamo munthu wina, kaya wonong'oneza mayankho kaya wongopuma mpweya, dzina lifufutidwa.

"Ababa, mwamva? Ndekha."

"Ndamva. Ndine gonthi?"

"Amalume, inunso."

"Ine ndalakwanji? Chingerezi changa chimathera pouza alendo kuti madzi otentha atha. Ndingakunong'oneze chiyani, mtengo wa chipinda?"

Sanaseke. Masiku amenewo nthabwala zanga zinkangogwa pansi ngati mbale.

Tsiku la intaviyu Niyati anadzikonzera chipinda cham'mwamba, momwe intaneti siduladula. Tsono kwathu mwana sapita ku mayeso asanameze sipuni ya chambiko cha shuga ndi kugwira mapazi a bambo ake. Ichi si chokambirana. Kokila anali pa kauntala akukangana ndi dalaivala wa lole yemwe ankati wapeza tsitsi pa pilo, ndiye anandikankhira kambale m'manja. Alamu nawo anachedwa, akuvula malaya awa, kuvala awa, ngati ofunsidwa ndi iwo. Pamene ine ndi alamu tinkakwera masitepe, nthawi inali itatha.

"Mukudzatani? Tulukani!" anatero Niyati.

"Kasipuni kamodzi kokha, mwanawe. Ukufuna amayi ako andidye wamoyo?"

Anameza. Anawerama kugwira mapazi a bambo ake. Ali chiweramire, kompyuta inalira, ndipo m'chipinda munamveka mawu a mzimayi.

"Niyati? Ndine Dokotala Brennan. Ukundimva?"

Ife tinali chakumbali, kamera sinkationa. Koma chitseko chinali kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa Niyati. Wotuluka aliyense akanadutsa pa chithunzi.

Munthu wanzeru akanangoti, pepani mayi, awa ndi bambo anga, akutuluka. Koma ife a mamotelo tikamva mawu a munthu wa mu ofesi, miyendo imaganiza mutu usanadzuke. Alamu, ndi mimba yawo yonse ija, anagwa chafufumimba n'kulowa kunsi kwa bedi ngati buluzi. Ine ndinazemba kulowa m'bafa, kambale kali m'manja, n'kudzikokera katani.

"Tisanayambe," anatero dokotala uja, "nyamula kompyuta undionetse chipinda chonse."

Ndakwerapo ndege yogwedezeka, ndalozedwapo mfuti pa kauntala, koma sindinamvepo mtima ukugunda m'mano ngati tsiku limenelo. Ndinamva mapazi a Niyati akuzungulira pang'onopang'ono. Zenera. Kabati. Kenako chitseko cha bafa chinalira. Katani wa m'mabafa athu ndi wotchipa, ndinagula ndine, ndipo ndinkadziwa kuti munthu akaima kumbuyo kwake amaoneka ngati chithunzithunzi. Ndinanjuta. Sipuni inayamba kunjenjemera m'kambale, ndinaipanikiza ndi chala mpaka chala chinachita dzanzi.

Mapazi anabwerera. Mpando unalira.

"Zikomo. Tsono ndikufunse mwalamulo. Uli wekha m'chipindamo?"



"Ndili ndekha," anatero Niyati.

Ndinatuluka kuseri kwa katani mwakachetechete n'kusuzumira pa mpata wa chitseko cha bafa. Ndinkaona msana wa mwana, nkhope ya mayi waimvi pa kompyuta, ndi zidendene za alamu zitatulukira pang'ono kunsi kwa bedi, kumene kamera sinkafika.

Mafunso anayamba, ndipo mwana ankayankha bwino. Anafotokoza za nkhalamba ina yodwala shuga yomwe inakhala nafe nyengo yonse yozizira, momwe ankaiyang'anira zilonda za kumapazi akaweruka ku sukulu. Dokotala ankagwedeza mutu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tipulumuka.

Ndiye ndinamva kamluzi.

Kunsi kwa mabedi athu sikusesedwa. Lamulo limenelo anaika ndi alamu omwe, ankati mlendo salipira kuti agone kunsi, osesa asatayeko nthawi. Fumbi la kumeneko ndi lakale kuposa Niyati. Ndipo alamu ali ndi chifuwa cha mphumu. Kapampu kawo kopumira amayenda nako m'thumba la malaya, malaya aja anavula.

Kamluzi kanakula, ngati ketulo ikuyamba kuwira. Mapewa a Niyati anauma.

"Kukumveka kaphokoso," anatero dokotala.

"Ndi makina otenthetsa m'chipinda. Ndi akale."

Zidendene zija zinayamba kukanda kapeti. Kenako kunatuluka dzanja, likukupiza pansipansi, kumuuza mwana kuti pitiriza, usandiyang'ane. Munthu akubanika koma akulamulabe! Ankadzitseka pakamwa kuti asatsokomole, ndinkamva mpweya ukulimbana ndi chikhatho.

Ine ndinangoima, chambiko chili m'manja. Ndikatuluka, ndapha mpando wa mwana. Ndikakhala, mlongo wanga avala zoyera zaumasiye sabata isanathe. Ndinapempha milungu yonse yomwe ndimaidziwa mayina, ngakhale ija ndinaleka kuipatsa moni.

"Tandiuza," anatero dokotala, "ukadzakhala ndi wodwala wokana chithandizo, udzatani?"

Niyati anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo kamluzi kanaleka.

Ine mtima unakhala pansi, ndimvekere chifuwa chatsika. Koma mwana anakula akumva chifuwa chimenechi usana ndi usiku, ankadziwa kuti chikamalira ndiye kuti mpweya ukudutsabe. Ndinaona khosi lake likutembenuka pang'ono. Dzanja lija linali litagona pa kapeti, zala zitatambasuka.

Anaimirira mpaka mpando unagwa.

"Pepani, Dokotala, ndanama. Bambo anga ali kunsi kwa bedi ndipo sakupuma. Amalume! Tulukani m'bafamo!"

Kambale kanasweka pansi. Tinawagwira mwendo wina iye, wina ine, n'kukoka. Anatuluka ali mbuu, fumbi m'masharubu, milomo yotuwa ngati phulusa, maso ali tong'o. Chifuwa chinkakwera koma osalowa kanthu.

Mawu a pa kompyuta anasintha, ulemu wonse unatha.

"Akhazikeni tsonga! Aweramire kutsogolo. Niyati, imba ambulansi tsopano. Inu bambo a ndevu, kapampu kali kuti? Thamangani!"

Masitepe aja sindikumbuka kuti ndinawaponda. Kokila anali akadali ndi wa lole uja.

"Zatha bwanji? Wayankha bwino?"

"Malaya a amuna ako ali kuti? Abuluu aja!"

"Iwe Dhiru, wapenga?"

"Malaya, mlongo, malaya!"

Pobwerera ndinapeza Niyati atagwada, foni ili pakhutu, dzanja lina likusisita msana wa bambo ake. Anandilanda kapampu, nawapopera, dokotala akumuwerengera. Palibe chinachitika. Anapoperanso. Kokila anaima pakhomo atagwira kukamwa. Kenako, patalipatali, kamluzi kaja kanabwerera. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Mawu oyamba a alamu anatuluka limodzilimodzi, ngati akuwagula.

"Bwerera... pa mpando... chitsiru iwe."

"Khalani chete, Ababa. Pumani."

Dokotala Brennan sanachoke mpaka a ambulansi atalowa ndi machira awo. Atawanyamula alamu, Kokila akuwatsatira akulira n'kumawatukwana nthawi imodzi, m'chipinda munatsala ine, mwana, ndi nkhope ija.

"Niyati, wachita bwino kudzuka. Bambo ako akhala bwino. Koma ndinakufunsa ngati uli wekha, ndipo ndiyenera kukanena zimene unandiyankha."

"Ndikudziwa, Dokotala."

Ndinasendera pa kamera kuti ndifotokoze za chambiko, za mapazi, kuti palibe ananong'oneza kanthu. Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinangoti sole, sole, kompyuta n'kuzima.

Alamu anagona m'chipatala, nabwerako ali bwinobwino. Yankho la sukulu silinachedwe, lofanana ndi ena aja, laulemu wokhawokha. Niyati anawerenga ataimirira pa kauntala, natembenuza foni kuti bambo ake aone.

"Ndiwaimbira," anatero alamu. "Ndiwauza kuti wolakwa ndine. Ndipita komweko ndikagwade."

"Anafunsa ine, Ababa. Sanafunse inu."

"Nanga tsopano?"

"Ndiyenda njira yayitali, ngati anthu ena onse."

Koleji anasankha yekha, osafunsa munthu. Ili kutsidya lina la dziko, kunyanja ya kumadzulo, komwe galimoto umayendetsa mpaka msana kuuma. Mlongo wanga amauza aliyense kuti mwana anatsata aphunzitsi abwino a sayansi. Ine ndinayang'ana pa mapu, n'kuona kuti palibe koleji ina yotalikirana nafe kuposa imeneyo.