Pansi pa Chipinda cha Ana

Anzake kufakitale yopanga magetsi ankamutcha Mzukwa, chifukwa akatuluka m'ng'anjo yotenthera malasha ankakhala atayera mbuu, nsidze ndi ndevu zomwe. Ntchito yake inali kukokolola phulusa ndi kupala zokakamira m'mapaipi moto ukazimitsidwa. Chophimba pakamwa ankangochikoloweka m'khosi, ati chimamubanikitsa.

Aliyense ankadziwa kuti phulusalo ukalisakaniza ndi simenti pang'ono limagwira ngati mwala. Mkazi wake atadandaula kuti ana akugona padothi, Mzukwa anatuta la m'mapaipi, losalala lija, n'kumangira pansi pa chipinda chawo. Ankanyadira kwabasi. Mlendo akabwera ankamuvulitsa nsapato kuti amve yekha kusalala kwake.

Chaka china kufakitale kunabwera mayi woyeza, atanyamula kachipangizo kolira ngati nkhululu. Anafotokoza kuti malasha amatuluka m'nthaka ndi tinthu totulutsa cheza chosaoneka, chowononga thupi pang'onopang'ono. Malasha amapsa, koma tinthuto sitipsa, timangounjikana m'zotsalira. Pamulu wa phulusa panja kachipangizo kanalira mwaulesi. Atakalowetsa m'paipi yomwe Mzukwa ankapala, kanalira kosapumira. Nthabwala za anzake zinathera pomwepo.

Mzukwa anadikira anzake abalalike, kenako anapempha mayiyo kuti akayezenso kunyumba kwake. Atafika, mayiyo anagwada pomwe ana ankayala, n'kumvetsera kwa kanthawi.

"Sindikuti adwala mawa," anatero. "Koma asagonenso muno. Nanga inu bambo, fumbili munayamba liti kulipuma?"

 Mkazi wa Mzukwa ndiye anayankha kuti mwana woyamba asanabadwe, ndipo zovala zantchito amakutumula ndi kuchapa ndi iyeyo.

Kuchipatala Mzukwa anamujambula pachifuwa. Adokotala anati sakuona kanthu, koma azibwerabwera, poti zoterezi zimabisala zaka. Akuntchito anatumiza anthu ovala magolovesi, anaswa pansi ponse n'kutengera zidutswa m'migolo yotseka. M'chipindamo munatsala dzenje, ana anasamukira pabalaza.

Mlamu wake anauza Mzukwa kuti asiye ntchitoyo, akathandizane kugalaja. Mzukwa anati zolowa zinalowa kale, ndipo akachoka akuntchito adzalowetsa m'mapaipimo wina wosadziwa kanthu. Anapitiriza.

Mkazi wake sanamunenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Kungoti mwana wamng'ono akatsokomola, iye amasiya chomwe akuchita, kukamugwira pamphumi, n'kubwerera kukhitchini osayang'ana komwe kwakhala mwamuna wake.