Nsomba Yophedwera Chithunzi

Bwana wanga ku Onaiza, mumzinda wa Doha, anali ndi dziwe la madzi oziziritsidwa ndi makina, ndipo ntchito yanga inali kulisamala. Munali nsomba yaitali yochokera ku Ulaya, ankaitcha paiki. Kukamwa kwake kunali ngati kwa mcheni umene bambo ankawedza ku Makanjira, asanamwalire, ine ndisanasiye koleji.

Sinali nsomba yokondeka. Inkabisala m'maudzu n'kumambwandira tinsomba todwala ndi tofooka. Koma chifukwa cha iyo dziwe silinkadzadza, ndipo sindinavuulemo nsomba yakufa yokha.

Tsiku lina inameza nsomba yofiira ya madamu, mkazi wa bwana. Lachisanu lake bwana anaitana anzake, mfuti yolasira nsomba ili m'manja.

"Yalla, fulumira Tahiru, itulutse!" anandikuwira bwana.

Ndinaitokosa ndi ndodo. Anailasa pamimba, kenako pamchira, akuseka chikhakhali. Ikuphiriphitha pasimenti, wina anaiika ndudu kukamwa kuti chithunzi chikome. Atatopa anakadya mpunga wa nkhosa.

"Khalas, basi, kataye," anatero bwana.

Bambo ankati chimene wapha udye, apo ayi wachitira chipongwe amene anachilenga. Anandikwapulapo chifukwa choponyera khwangwala kansomba kamodzi. Ndinawakwiyira mpaka kale. Tsopano nsombayo ndinalephera kuiponya m'bini. Ndinaikulunga m'thumba n'kuibisa kuseri kwa galaja, dzuwa la ku Doha likuiwamba mpaka nthawi yoweruka.

Overton, dalaivala amene timagona chipinda chimodzi ku Umm Ghuwailina, anatsegula mawindo onse nditangolowa nayo.

"Aise, wanyamula maliro kodi?"

"Ndi ndiwo."

"Ndiwo? Ukadwala mawa ndani akakuimire pa shifiti? Taya chinthucho!"

Ndinangotenga mpeni.

Nditaitumbula, fungo linadzadza kakhitchini konse. M'mimba munali nsomba ya madamu ija, itasanduka phala lofiirira. Ndinadula nyama ya pamsana pokha, pamene panali pasanafewe, ndinaithira mchere wambiri n'kuikazinga mpaka kuda.

Ndinati Bismillah. Nthuli yoyamba inabwerera kukhosi, misozi ili mbwee. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja mpaka inatsika.

Overton anaima pakhomo atatsina mphuno.

"Ikukoma?"

"Ayi."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anakoka mpando n'kusamba m'manja.

"Bambo akowo anali ovuta," anatero. "Tandipatsa yaing'onoyo."