Pa Adiresi ya Amayi Anga Yokha

"Mlamu, chinthu chanu chija chikundichititsa manyazi kwa makasitomala."

Mlamu wanga anaika foni yake pa mashini osokera, pamwamba pa diresi lomwe ndinkapinda. Patsamba lake la pa intaneti panali zilembo zofiira: "Pulogalamu iyi imagwira ntchito pa adiresi ya amayi anga yokha."

Pulogalamuyo anandipangira ndi mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira za makompyuta. Kasitomala amalemba miyezo yake patsamba langa, iyo n'kumuuza mamita a nsalu oti agule. Kuipanga kunamutengera mwana wangayo miyezi itatu. Pondipatsa fulashi momwe munali pulogalamuyo kuti ndisunge, anapempha chinthu chimodzi.

"Amayi, musapatse munthu. Ngakhale azakhali."

"Ukundiyesa mwana?" ndinamukalipira.

Sabata sinathe. Mlamu wanga, nayenso telala, anabwera kudzadandaula kuti ntchito yamuthawa. Ine msana ukuwawa, madiresi asanu akundidikira, mphamvu zokangana ndinalibe. Ndinatsegula dirowa ya ulusi n'kumupatsa fulashi ija. Mumtima ndinkati mtsikanayo adziwa bwanji?

Tsopano mlamu anali ataima pamenepo, ndipo mwana wanga analowa ndi tiyi wanga. Anapereka moni, maso n'kugwera pafoni paja.

"Kaya anaipeza kuti," ndinatero, ndisanafunsidwe n'komwe.

"Mlamu, si munandipatsa nokha, mutakulunga m'kansalu?"

Mwana wanga anaika kapu pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho. Anatenga laputopu n'kutionetsa. Pulogalamuyo isanayambe, imayang'ana kaye adiresi ya tsamba lomwe yaikidwa. Ikapanda kuipeza pamndandanda wa ovomerezeka, imakana. Pamndandandapo panali mzere umodzi, wanga.

"Unatseka liti?" ndinafunsa.

"Ndisanakupatseni fulashi."

Ndinafuna kumufunsa ngati amake sawakhulupirira. M'malo mwake ndinaweramira pa diresi lija.

"Ndiwonjezere ya azakhali? Nenani inu, amayi."

Ndinagwedeza mutu, maso ali pasingano. Analemba mzere wachiwiri, zilembo zofiira zija n'kuchoka. Mlamu anaseka, akuti ana a masiku ano ndi afiti.

Mwana wanga sanaseke. Anatambasula dzanja, azakhali ake n'kumuikira fulashi ija. Ine ndinakoka dirowa ya ulusi kuti aibwezere pamalo pake. Anaiponya m'thumba la siketi yake n'kutuluka.

Dirowa inakhala yotsegula mpaka tiyi anazizira.