Pali Eni Ake

Aphunzitsi a Gracian anabwera kuno ku Maganga ndi kansomba kapulasitiki m'thumba. Kobiriwira, kamlomo kophwatalala, mbedza zikulendewera kumimba. Ine Sulaiman ndakulira m'bwato, ndiye nditakaona ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Nsomba yanzeru zake ingadye chidole chimenechi?"

"Kwathu ku Zomba ndimakolera komweka m'damu," anatero. "Sikamira kwambiri. Mumakaponya pafupi ndi bango kapena chitsa, n'kumakoka pang'onopang'ono. Kakagunda chitsa n'kudumpha, nsomba yobisala pamenepo imayesa kovulala."

Anandiumiriza masabata atatu kuti tikakayese panyanja. Loweruka lina m'mawa ndinawakweza m'bwato, ulendo kumene mtsinje umathira m'nyanja. Wallahi, kanthu kaja kanandichititsa manyazi! Ola lisanathe anali atakola ncheni zitatu, ine mbedza yanga ya nyongolotsi ili zii.

Kenako anakaponya pamtengo wina wogwera m'madzi, m'mphepete mwa bango, ndipo kanakodwa. Anakoka uku, anakoka uko, osatheka. Ine maso anga anali pamtunda. Pamatope panali mkwasa watsopano, wosalala ngati pokokera thumba la chimanga.

Ife kubanja kwathu chilombo chimenechi sitichitchula dzina tili pamadzi, timati ukachitchula wachiitana. Bambo anga anandimenyapo ndi nkhafi chifukwa cha zomwezo, chipsera ndili nacho.

"Aphunzitsi, dulani chingwe tizipita. Apo pali eni ake."

Anaseka. "Eni ake? A Sulaiman, nyanja inayamba liti kukhala ndi mwini? Akabwera ndiwagawira nsomba imodzi."

"Ndati pali eni ake!"

"Nsanje basi, poti ndakuposani. Kameneka ndi kamodzi komweka, kuno ndingakagule kuti?"

Zinandinyansa. Munthu wophunzira, wa tayi, osamva Chichewa? Ndinayang'ana kumbali ndili fwuu. Potembenuka ndinaona atapinda kale buluku, akutsika. Madzi anawalekeza m'chiuno.

Dzina lija linali pakamwa panga penipeni. Liwu limodzi lokha. Koma ndinaopa kuti ndikalitchula ndiye ndachiitana, choncho ndinangokuwa kuti, "Bwererani!"

Anawonjola kansomba kawo n'kukakweza m'mwamba kuti ndikaone, akumwetulira. Bango linagwedezeka. Madzi anangoti phwaa, ndipo sanakuwe n'komwe. Ndinamenya madzi ndi nkhafi mpaka inathyoka, ndikuitana dzina lawo ngati wamisala. Chimene chinayandama ndi kansomba kaja, kakuvina pamafunde.

Tinawapeza tsiku lachitatu, pansi pa mtengo womwewo.

Pamaliro, akazi awo, Mayi Elsie, anapempha kuti andione. Anali pamphasa, mawu atasasa ndi kulira. Ndinagwada chapatali, kansomba kaja ndikuwapatsira ndi manja awiri.

"Bambo, inu nyanja mumaidziwa," anatero. "Simunaone chizindikiro chilichonse?"

"Ndinaona, mayi."

"Ndiye simunawauze?"

"Ndinawauza, kawiri konse. Ndinati pali eni ake."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Panalibe mkwiyo pankhope pawo, ndipo n'zimene zimandiwawa mpaka lero. Ankangofuna kumvetsa.

"Eni ake ndani, bambo?"

Panali pamtunda, kutali ndi madzi, ndiye ndinayankha mosavuta.

"Ng'ona, mayi."