Madontho a Bambo Panyanja

"Ndani wakhudza makinawa?"

Amene anafunsa anali Waya. Malume anali pachiwongolero, maso ali kutsogolo kumene kunalibe chooneka. Alamu anali chogwada pabokosi la nsomba, akukankhira ayezi m'makona ngati ntchito imeneyo ndi imene iwafikitse kumtunda. Waya anawayang'ana onse awiri, mmodzimmodzi, kenako anabweza maso pasikirini.

Dzina loti Waya analipeza chaka chatha, atabwera kukoleji ndi pepala la zamagetsi n'kuyamba kukwera boti la bambo ake. Eni botiwo sitiroko inawagwetsa m'mawa wina pakhomo la bafa, ndipo kuyambira tsikulo amakhala pampando wa pakhonde, dzanja limodzi lili pamwendo, mawu atawatsalira anayi okha, awiri mwa iwo otukwana. M'botimo munatsala atatu: malume ake, mlongo wa mayi ake, amene ankawongolera, alamu ake, mwamuna wa mkulu wake, amene ankayang'anira injini, ndi iyeyo, woyang'anira chilichonse chokhala ndi batani.

Chokhala ndi batani chachikulu chinali jipiesi, kabokosi kofanana ndi buku la nyimbo, kamene kamamva masetilaiti kumwamba n'kuonetsa pamene boti lili. Tsopano kanali katayaka, inde, koma kankangoonetsa kamzere kamene kankayenda mpaka pakati n'kuima. Ndipo chifunga chinali chitawagwera cha m'ma wani koloko, chochindikala moti mphuno ya boti inkaoneka ngati ya boti la eni.

Kuti alowe padoko ankayenera kudutsa pampata wa pakati pa matanthwe awiri, wokwana maboti atatu kutambalala kwake. Madzi anali akuphwa, monga amachitira tsiku ndi tsiku panyanja yamchere. Ikakwana folo koloko, boti lolemera ngati lawo silikanadutsanso mpaka mawa.

Waya anazimitsa makinawo, nawerenga mpaka makumi atatu, nayatsanso. Kamzere kanayenda, kanaima. Anatulutsa mita yake yoyezera magetsi m'thumba la jekete, nagwada pansi pa mpando pamene pankakhala batire. Mphamvu inalimo yokwanira. Anazula fyuzi naiunika: yamoyo. Anakwera padenga la kanyumba ka chiwongolero, bondo limodzi likuterereka, namasula waya wochokera ku kachipewa koyera kamene kamagwira masetilaiti. Pakamwa pa wayayo panali pobiriwira ndi mchere. Anapala ndi kampeni, napukuta ndi mswachi wakale, namanganso, natsika mothamanga.

Kamzere kanayenda mpaka pakati.

"Kamenyeni pang'ono," anatero Alamu. "Ngakhale injini imamva mbama."

"N'chifukwa chake injini yanu imatsokomola ngati nkhalamba, alamu."

"Koma ikuyenda. Chanucho chikuyenda?"

Waya anatsegula kabati natulutsa kontena ya pulasitiki, momwe munkakhala kajipiesi kakang'ono ka m'manja, kamene anakakamiza banja lonse kuti kagulidwe. Kanali kopepuka modabwitsa. Anatsegula kumbuyo: m'malo mwa mabatire munali mphepo.

Alamu anayamba kuyang'ana nsomba mwachidwi chachikulu.

"Alamu."

"Ana amalira, mlamu. Rimoti ya TV inafa Lachitatu. Ndimati ndibweza."

"Lero ndi Lolemba."

"Ndimati ndibweza Lolemba lake lino."

Mabatire a m'tochi anali aakulu, osalowa. Waya anatulutsa foni. Netiweki kunalibe, koma foni nayo imamva masetilaiti, ndipo inamuonetsa kadontho ka buluu kali kokhakokha pakati pa sikirini yopanda kanthu, chifukwa mapu a nyanja anali asanawasunge. Cholakwa chimenecho chinali chake, ndipo sanachilengeze. Koma pansi pa kadonthoko panali manambala a pamene iwo anali, ndipo manambala ukawaika pa mapu a pepala, amakuuza zoona.

"Malume, mapu aja ali kuti?"

"Pansi pa bokosi la makapu."

Anali m'pulasitiki yokongola, yomatidwa bwino ndi selotepi, madzi osalowa. Waya anawatambasula pabondo, chala chikuthamangira m'mphepete kumene kumakhala manambala. M'mphepetemo munalibe. Mbali zonse zinayi zinali zodulidwa bwinobwino ndi sizasi.

"Samakwana m'pulasitikimo," anatero Malume osacheuka. "Ndinangochotsa koyerako. Nyanja yonse ilipo, sindinadule ndi dontho lomwe."

Waya anapinda mapuwo pang'onopang'ono, monga momwe munthu amapindira kalata yomukana ntchito.

"Usade nkhawa, mphwanga," anapitiriza Malume. "Ine ndinayamba kuyenda panyanja pano amayi ako asanadziwe kumanga mpango. Kampasi ilipo. Ndagwira pomwe ndimagwira masiku onse, mphindi makumi anayi tsopano. Posachedwapa timva belu la pampata."

Waya anayang'ana kampasi. Pambali pake penipeni, pachitsulo cha zenera, panali patamatirira kasipika ka Alamu kokhala ndi maginito kumsana, kamene kanawaimbira nyimbo m'mawa wonse. Anakagwira nakazula. Muvi wa kampasi unagwedezeka, unazungulira pang'onopang'ono ngati munthu wodzuka kutulo, nukaima kwina.

Onse atatu anauyang'ana.

"Chepetsani injini," anatero Malume, mawu atatsika. Alamu anathamanga osatsutsa.

Boti linayamba kuyendera mafunde okha. Waya anatenga wailesi yolankhulirana naitana wokonza makina wa padoko, bambo wa mawu aulesi amene nthawi zonse ankamveka ngati akutafuna. Anamufotokozera zonse: batire, fyuzi, waya, kamzere.

"Aa, zimenezo ndi za m'mutu mwake," anatero wokonzayo. "Kasokonezeka kukumbukira. Dinani batani loyatsira ndi la chizindikiro cha mbendera limodzi, mugwire mpaka kalire kawiri. Kabwerera ngati katsopano. Mapu abwera, mpata muuona."

"Nanga madontho?"

"Ati?"

"Amene anasungidwamo."

"Amenewo ndiye apita, chemwali. Katsopano n'katsopano."

M'makinamo munali madontho mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Dontho lililonse linali malo amene bambo ake anapezapo nsomba m'zaka makumi atatu: pamwamba pa mwala wobisika, m'mphepete mwa dzenje, pamene madzi ozizira amakumana ndi ofunda. Kale ankawalemba m'kope, mpaka tsiku limene anapeza mnzawo wina akuwerenga kopelo mobisa. Atagula jipiesi anakhala masabata awiri akulowetsamo malo onse ndi chala chimodzi, kenako kope lija analiotcha kuseri kwa nyumba, akumwetulira. Malowo sanawapatse manambala. Anawatcha maina a abale, aliyense monga mwa khalidwe lake. Pa "Mayi a Ana" sipankalephera, koma pankafuna kufika nthawi yake. Pa "Apongozi" pankadula maukonde. Pa "Mkamwini" pankaoneka bwino pamwamba, pansi palibe kanthu, ndipo Alamu ankati limenelo ndi la mkamwini wina.

"Ndikakabweretsa osakafufuta, mungawatulutse?" anafunsa Waya.

"Mwina. Ndikakalumikiza pakompyuta, nthawi zina amatuluka. Nthawi zina ayi. Koma kuti mukabweretse, mufike kaye."

Wailesi ya panyanja ilibe chinsinsi. Mawu ena analowerera, a msodzi wa boti lina, akuseka: "Fufutani, achemwali, fufutani! Tonse tifanane!" Wina anawonjeza kuti mdala uja anabisa nsomba zaka zambiri, lero nyanja yakumbuka. Waya anatsitsa voliyumu.

Nthawi inali itadutsa hafu pasiti thu.

"Mphwanga," anatero Malume, "dina."

"Madontho aja mukuwadziwa angati pamtima?" anafunsa Waya.

"Ambiri."

"Angati, malume?"

Malume anapukuta galasi la zenera ndi chikhatho, ngakhale chifunga chinali kunja. "Khumi. Mwina khumi ndi awiri. Bambo ako amandiuza kuti khota uku, khota uko, ngati ndine ng'ombe ya pangolo. Koma tamvera. Mlamu wanga uja sadzakweranso boti ili. Ukudziwa, ndikudziwa. Nsomba tidzapeza kwina. Anthu onsewa amene alibe madontho sagona ndi njala."

"Ndipo ayezi akusungunuka," anatero Alamu. "Izi zikagona muno, mawa tikatayira mbalame. Komanso mkulu wanu akandifunsa kuti mng'ono wanga ali kuti, ndidzati tikulondera madontho?"

"Mudzati munatenga mabatire."



Waya sankatha kukhala pansi. Anapita kumphuno kwa boti, anabwerera, anayang'ana foni: batire inali itatsala pang'ono, kadontho ka buluu kakuyandama m'chipululu chake. Analemba manambala aja padzanja ndi bolopeni, osadziwa kuti amuthandiza chiyani. Madzulo aliwonse akafika kunyumba, bambo ake ankamuyang'ana ndi diso lofunsa, iye n'kutchula dzina la malo amene apitako. Akati "Apongozi," theka la nkhope yawo limene linkagwirabe ntchito linkaseka. Zokambirana zawo zinali zitatsala zimenezo basi.

"Tiyeni tiyese popanda," anatero. "Kampasi tsopano ili bwino. Malume, mwatsetsereka mbali iti?"

"Ngati muvi unanama chonchija, tili kumanzere kwa mpata. Osati kwambiri."

"Alamu, chingwe ndi chitsulo chija."

Alamu anatenga chingwe cha mfundo, pa mita iliyonse mfundo imodzi, namangirira chitsulo cholemera kunsonga. Anaima kumphuno akuponya ndi kukoka, akufuula kuya kwa madzi. Injini inkang'ung'udza pansipansi.

"Khumi ndi awiri!"

Malume anakhotera kumanja pang'ono, khutu lili kunja kwa zenera.

"Khumi!"

"Mukumva belu?" anafunsa Waya.

"Khala chete."

"Asanu ndi atatu! Asanu ndi awiri!"

Chinamveka si belu. Anali mafunde akuswa pamwala, phwaa, phwaa, ndipo ankamvekera kumanja, kumene Malume ankati kuli mpata.

"Anayi!" Mawu a Alamu anasanduka a mwana. "Atatu! Malume!"

Chifunga chinang'ambika pang'ono, ndipo thanthwe linaonekera, lakuda, lonyowa, lalitali kuposa denga lawo, pafupi moti Waya anaona tinkhono tomatirira. Malume anabweza giya mwamphamvu. Injini inakuwa, makapu anagwa, boti linanjenjemera lonse, ndipo pansi panamveka kukhula kumodzi kwakutali, khwee, ngati mpando ukukokedwa pasimenti. Kenako anali m'chifunga muja kachiwiri, akubwerera chambuyo.

Alamu anatsegula chitseko cha pansi nasuzumira ndi tochi. "Simukulowa madzi," anatero. Anasuzumiranso. "Sindikuona kuti mukulowa."

Malume anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Sanakweze mawu. "Ndili ndi ana asanu, mphwanga. Uyu ali ndi awiri. Iwe uli ndi mayi amene akusambitsa kale munthu mmodzi. Pano sindikudziwa pamene tili, ndipo sindichita manyazi kunena. Kwatsala mphindi makumi anayi. Dina mabataniwo, tilowe, tikagone m'nyumba."

Wailesi inalira chapansipansi. Anali wokonza uja. "Mwadina, chemwali? Kakalira kawiri musiye. Kamatenga mphindi zisanu kuti kapeze masetilaiti."

Waya anaima patsogolo pa kabokosiko. Anaika chala chachikulu pa batani loyatsira, china pa la mbendera. Mabataniwo anali osalala, utoto utafufutika pamene chala chimodzi chinkadinapo kwa zaka. Kamzere kanali pomwe paja, pakati. Kumbuyo kwake Alamu ankapuma ndi pakamwa. Kwinakwake kumanja mafunde ankaswabe, ndipo sankadziwa ngati akuyandikira kapena ndi makutu ake chabe.

Anachotsa zala. Anapisa dzanja kuseri kwa makinawo, namasula waya wa magetsi, kenako wa kachipewa, ndipo sikirini inada. Anamasula zomangira ziwiri za m'mbali, nanyamula kabokosiko, nakakulunga m'jekete yake, nakaika m'kabati n'kutseka.

"Malume, tembenuzani boti," anatero. "Tikubwerera kwakuya. Lero sitilowa."