Masekondi Asanu

Kalata ya ku Lusaka inafika Lachiwiri. Levy, kalaliki wa pachipatala cha mishoni, anaisindikiza pakompyuta imene inali yokhayo m'dera lonselo, n'kumudikira nayo Edness pakhonde.

"Ba Madamu, aphunzitsi anu alusa," anatero Levy. "Akuti kaseti yanu sinafike. Likadutsa Lolemba likubwerali, dzina lanu alifufuta."

Edness Chabwela ankaphunzitsa anthu a m'midzi ya ku Rufunsa kukonza mijigo. Ankatha kumasula mjigo wonse, kutulutsa mapaipi ndi kuwabwezeramo dzuwa lisanafike pamutu, koma satifiketi ya uphunzitsi analibe. Bungwe limene linamulemba ntchito linali litanena kuti chaka cha 1998 chikatha, aliyense wopanda satifiketi asiye kuphunzitsa. N'chifukwa chake analembetsa maphunziro akutali. Sabata iliyonse phunziro linkabwera pa imelo, Levy n'kulisindikiza, iye n'kukaliwerenga kunyumba. Ntchito yomaliza inali yoti ajambule pakaseti tsiku limodzi akuphunzitsa, amvetsere yekha, adzaze fomu, kenaka atumize zonse ku koleji.

Kujambulako anajambula mu Januwale, pamjigo wa ku Chinyunyu. Mwa ophunzira khumi ndi awiri a tsikulo munalinso mwamuna wake, Phinias, amene mudzi wawo unamusankha kuti aphunzire. Patapita milungu itatu Phinias anamwalira ndi malungo. Kuyambira pamenepo kasetiyo inali pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo Edness anali asanaimvetserepo.

Masana a Lachiwiri lomwelo anaika mabatire atsopano m'wailesi, nakhala patebulo ndi fomu ndi wotchi. Pamwamba pa fomu panalembedwa kuti: "Mukafunsa funso, werengani masekondi amene mwadikira musanayankhulenso. Munthu wamkulu amene anasiya sukulu kalekale amaopa kusekedwa, ndipo amafunika masekondi osachepera asanu kuti asonkhanitse maganizo ake."

Anadina batani. Choyamba kumveka chinali mphepo, kenaka mawu ake omwe, okwera ndi othamanga.

"Mwafika pamjigo m'mawa, mwapopa kambirimbiri madzi asanatuluke. Vuto lili pati? Ba Mailesi?"

"Vuto ndi amuna a m'mudzi muno, Ba Ticha," anayankha Mailesi, mayi wanthabwala amene ankagulitsa zitumbuwa mphepete mwa msewu. "Mjigo amaudziwa pakumwa pokha."

Anthu anaseka. Chisekocho chitachepa, kumbuyo kwenikweni kunamveka mawu aang'ono, achibwibwi.

"Ine ndi-ndi-ndikuona ngati..."

"Ndi labala la pansi," anatero Edness wa m'kasetiyo. "Likatha, madzi amabwerera m'chitsime usiku. Lembani."

Edness anaimitsa wailesi. Anali asanamve mawu a Phinias kwa milungu isanu ndi iwiri. Anabweza tepi pang'ono, nayang'ana wotchi. Sekondi imodzi. Analemba pafomu.

Kachiwiri linali funso la tcheni. Phinias anayamba, "Mu-mukamanga kwambiri...", ndipo iye anamaliza chiganizocho yekha n'kupitiriza. Masekondi awiri. Analembanso.

Zaka khumi ndi zinayi za ukwati wawo ankachita zomwezo. Kumsika, kutchalitchi, pamaso pa alendo, Phinias akakodwa pa liwu, iye ankalitola msanga kuti anthu asamuseke. Phinias ankangogwedeza mutu n'kumwetulira, ndipo Edness ankati ndiye kuti walasa. Sanaganizepo kuti mwina munthuyo ankagwedeza mutu chifukwa kuvomera n'kosavuta kuposa kuyambiranso.

Kumapeto kwa tepi kunamveka zitsulo zikugundana.

"Pali funso tisanatseke?"

"A-amake Mwiza," anatero Phinias, ndipo apa mawu ake anamveka bwinoko, ngati anaimirira. "Ine ndi-ndimati ndinene kuti..."

"Za kunyumba tikakamba kunyumba, Ba Phinias. Pano ndine mphunzitsi. Sonkhanitsani masipanala."

"Mwamva, mlamu?" anatero Mailesi. "Ukakwatira ticha, belu limalira mpaka kuchipinda."

Anthu anasekanso, ndipo tepi inathera pomwepo. Kunyumba sanakambe. Tsikulo anafika atatopa, mawa lake Edness anapita kukaphunzitsa ku Shikabeta, ndipo sanakumbukire kufunsa.

Pansi pa fomu panali mzere wina umene poyamba sanauone kuti ndi kanthu: makaseti sabwezedwa, amasungidwa ku koleji. Panalinso wina: kaseti imene mawu a ophunzira sakumveka sidzalandiridwa. Mwiza, mwana wawo, anali kusukulu yogonera komweko, ndipo m'nyumba monse munalibe china chilichonse chokhala ndi mawu a bambo ake.

Lachinayi anabwerera kuchipatala ndi wailesi yake m'thumba.

"Ba Levy, simungaiike kasetiyi m'kompyuta yanuyi?"

"Iyi? Ba Madamu, kalata ya masamba awiri imatenga theka la ola kuti ituluke. Mawu a munthu ndiye ingakomoke." Atamuyang'ana nkhope, Levy anasiya nthabwala. "Dikirani. Alonda ali ndi wailesi yojambula. Tiziyang'anitsa ziwirizi, ina iziyankhula, ina izimvera."

Anaika kaseti yatsopano m'wailesi ya alonda, natsekera mawailesiwo m'chipinda chosungiramo mabulangete, kuti phokoso la kunja lisalowe, iwo n'kukhala pabenchi mphindi makumi anayi. Atatsegula, Levy anabweza kaseti yatsopanoyo n'kuiliza. Mawu a Edness anatuluka onse bwinobwino. Mailesi ankamveka ngati ali kutsidya la mtsinje. Pamene panayenera kukhala Phinias panali kusokosera kwa tepi basi.

Anayesanso, mawailesi atagundana pakamwa. Anayesa kachitatu atakweza mawu mpaka kumapeto. Kusokoserako kunangokula.

"Ankakhala kumbuyo," anatero Edness. "Ndine ndinawauza. Ndinkati anthu asaganize kuti ndikuwakondera."

Levy anatulutsa kaseti, naitembenuzatembenuza m'manja. "Jambulani phunziro lina."

"Kalasi inatsekedwa. Anthu ali kuminda, ndipo ina ikuyamba mu Meyi."

"Ndiye ndiwalembere kuti akamaliza abweze."

Levy analemba. Yankho linafika Loweruka, mizere itatu. Mphunzitsi wa ku Lusaka anapepesa za malirowo. Anati makaseti amapita kwa oyesa mayeso akunja, ndipo sangalonjeze zimene sizili m'manja mwake. Tsiku lomaliza linali Lolemba lomwe lija.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Edness anapatukira pamene Mailesi ankakazinga zitumbuwa.

"Ba Mailesi, tsiku lija ku mjigo munakhala pafupi ndi bambo ake a Mwiza. Pomaliza paja ankafuna kunena chiyani?"

Mailesi anachotsa chiwaya pamoto, napukuta manja pachitenje. Anaganiza nthawi yaitali, ndipo Edness anadziletsa kuti asayankhule.

"Ba Ticha, ndikanama ndikati ndikudziwa," anatero pomaliza. "Ndimangokumbukira kuti anavula chipewa asanaimirire."

Lolemba m'mawa Levy anamuperekeza kumsewu waukulu. Edness anali ndi envelopu yosamata, fomu ili m'kati, ndi makaseti awiri m'thumba la juzi. Pafomu, pamene panafunsidwa zimene waphunzira, anali atalemba chiganizo chimodzi chokha: "Sindinadikirepo munthu mpaka masekondi atatu."

Minibasi inaima, kondakitala atatulutsa kale mutu pawindo.

"Lusaka, amayi? Malo alipo, awa angofinyana."

"Ndi kalata chabe. Mukaisiye pa ofesi imene yalembedwa apa."

"Fulumirani ndiye, injini ikazima tikankha tonse."

Edness anatulutsa makaseti onse awiri. Yakale inali ndi dontho la girisi pakona, chidindo cha chala cha Phinias, pakuti ndiye anaichotsa m'wailesi tsiku lija. Anaibweza m'thumba. Yatsopanoyo anaiika mu envelopu, namata ndi malovu.

"Ba Madamu," anatero Levy motsitsa mawu, "mukudziwa kuti imeneyo aikana."

"Ndikudziwa."

"Nanga ntchito?"

"Mijigo ndizikonzabe. Kukonza sikufuna pepala."

Minibasi inanyamuka. Levy anamugwira chanza ndi manja awiri n'kubwerera kuchipatala.

Kunyumba Edness anatseka chitseko ngakhale dzuwa linali lisanakwere kwenikweni. Anaika kaseti m'wailesi, naithamangitsa mpaka pafupi ndi kumapeto. Zitsulo zinagundana. Mawu ake anafunsa ngati panali funso.

"A-amake Mwiza, ine ndi-ndimati ndinene kuti..."

Anadina batani loimitsa, Edness wa m'kasetiyo asanayankhe. Anakhala pampando, manja ali pamiyendo, nkhope italoza kuwailesi, ndipo anadikira.